Wodzasambitsa Abiti Juma

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene nandolo anagwa mtengo. Ndinali nditaunjika matumba pakhonde kwathu ku Mandimba, ndikudikira ogula ochokera ku Cuamba, koma atabwera anatchula mtengo woti munthu ungoseka. Anankafumbwe anayamba kudya phindu langa ine ndikuona. Mwamuna anali atapita kale kwa mkazi wina ku Lúrio, ndipo mwana wanga Zainabu anali atangoyamba sekondale ku Cuamba, komwe ankakhala kwa abale a bambo ake, anthu oti mwana akadya kanthu amakukumbutsa. Ndiye ndinati basi, anzanga akupita, nanenso miyendo ndili nayo.

Oyamba kuwauza anali Abiti Juma, akulu awo a mayi anga, amene anandilera mayi atamwalira. Ankagulitsa mchere ndi usipa pamsika, ndipo pakamwa pawo pankaopedwa ngakhale ndi otolera msonkho. Koma ntchito imene ankadziwika nayo kwambiri inali ina. Mkazi wachisilamu akamwalira m'dera lathu, ankaitanidwa ndi iwo kukasambitsa thupi lisanakulungidwe m'nsalu yoyera. Nditabereka Zainabu anayamba kunditenga. Anandiphunzitsa kuphimba thupi kuti maso asaone chimene manja akutsuka, kuyambira mbali ya kumanja, kugwira ntchito osalankhula, ndi kusauza munthu aliyense zimene ndaona m'chipindamo. Mwana wamkazi wobereka okha analibe, choncho pobwerera ku maliro ankakonda kundiuza kuti, "Ine udzandisambitse ndiwe. Sindifuna manja a uje, amene amakwecha munthu ngati akutsuka mphika."

Tsiku limene ndinawauza za ulendo, sanakalipe monga ndinkayembekezera. Anapitiriza kuyeza mchere, kenako anafunsa, "Kutalika bwanji ku Joniko?"

"Basi imayenda masiku ndithu, amayi."

"Nanga ife maliro timasunga masiku?"

Kwathu munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe amakhala ataikidwa. Aliyense wopita kutali amadziwa kuti maliro a kwawo adzangowamva, koma ine ndinali nditavomera ntchito yosatheka kuigwira pa foni.

Ulendowo ndinaukonza ndi Patuma, mnzanga wa paubwana amene anali atakhalako ku Durban n'kubwera ndi mabulangete ndi mano awiri oikirira. Tinkakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba yake, iye akujambula njira ndi kamtengo. Njira yodzera ku Malawi inali yachidule, koma inali ndi zipata zambiri za malire, ndipo Patuma ankati chipata chilichonse chimafuna kudya. Njira yodzera m'dziko lathu lomweli, ku Cuamba, ku Nampula mpaka ku Maputo, inali yaitali mosweka msana, koma chipata chinali chimodzi. Ndinasankha yosweka msanayo, chifukwa msana ndinali nawo, chimene ndinalibe ndi ndalama.

Patuma anandiphunzitsa umphawi wa paulendo, umene ndi wosiyana ndi wa pakhomo. Chakudya cha pasiteshoni usagule, ungochinunkhiza. Vala zovala zakale kuti akuba akumvere chisoni. Khala pafupi ndi mayi wa ana, chifukwa iye sagona tulo tofa nato. Anandiletsanso kugula sutikesi. Anati nditenge chikwama cha msika ndi makapulana angapo, nsalu zathu zija, poti kapulana imodzi ndi chofunda, ndi pilo, ndi chopukutira, ndi mkeka woswalirapo. Ndinagulitsa nandolo uja pa mtengo wonyozeka womwewo, ndinagulitsa mbuzi, ndinakazinga mtedza wodzaza chidebe.

Pasipoti ndinakatengera ku Lichinga. Kuti ndisalipire malo ogona, ndinagona ku Ngauma kwa abale a mayi Roza. Mayi Roza anali Mkhristu wa kumeneko, wa banja lolima fodya, amene ankagulitsa matimati pafupi ndi benchi la Abiti Juma. Awiriwo anakhala akukangana zaka zambiri za malire a mabenchi awo, koma wina akapanda kubwera pamsika mnzakeyo sankagulitsa bwino. Ku Ngaumako anandigoneka m'chipinda chonunkha fodya wouma, ndipo m'mawa anandipempherera mwa chikhristu, ine n'kuvomera amini mwa chisilamu. Mpaka lero fungo la fodya limandikumbutsa mantha okoma a masiku amenewo.

Zonse zinatheka kupatula chimodzi. Ine ndi Patuma tinayesa njira iliyonse yobwerera mwachangu, ngakhale ya ndege yotera ku Nampula, imene mtengo wake tinangoutchula n'kuyamba kuseka. Panalibe njira yofika tsiku lomwelo. Ndiye tinapangana zina. Abiti Juma analibe foni, koma mayi Roza anali nayo. Tinagwirizana kuti amayi akadwala matenda oposa chimfine, mayi Roza andiimbire, ndinyamuke akadali moyo.

"Ukamva kuti ndagona, nyamuka," anatero Abiti Juma pondiperekeza pokwerera chapa, minibasi ya ku Cuamba. "Usadikire kumva kuti ndapita. Ndipo chaka chimodzi chikwane, usakakwatiweko."

Sitima yonyamuka ku Cuamba ndimaikumbukabe kuposa china chilichonse. Ndinakwera m'ngolo yotsika mtengo, momwe nkhuku zinali ndi malo abwino kuposa ife. Mapiri a miyala aja ankabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo pasiteshoni iliyonse amayi ankathamangira pa mawindo ndi anyezi, nthochi ndi chinangwa, akuitana m'Chimakua. Ine ndinkatafuna mtedza wanga n'kumayang'ana kumbali. Ku Nampula ndinakwera basi, ndipo pofika ku Maputo mapazi anali atatupa, mtedza utandikola, koma ndinali ndisanagule ngakhale bisiketi imodzi, ndipo ndinadzitama nazo.

Ku Durban ndinapeza ntchito ya m'nyumba kwa banja lina la amwenye. Sanali anthu oipa. Ankandilipira pa nthawi yake ndipo ankandilola kuswali. Koma munthu ukhoza kukhala m'nyumba yodzaza anthu sabata yonse popanda wokufunsa kuti wadzuka bwanji n'kudikira yankho. Ndinkagona m'kachipinda kakuseri, ndipo kusungulumwa kunkandigwira kwambiri ndikamasita zovala, chifukwa pamenepo manja amagwira okha ntchito, mutu n'kupita kwawo. Ndinkalira ndithu, sindibisa. Ndinkasowa fumbi la Mandimba, mabelu a njinga zonyamula anthu kupita ku malire, ngakhale kukangana kwa pamsika kumene kale kunkandipweteketsa mutu.

Chaka chisanathe, mayi wina wa ku Mangochi anamwalira m'chipinda cha lendi, ndipo azimayi a kwathu kuno anasowa wodziwa kusambitsa. Ndinadzipereka. Kuyambira pamenepo ankandiitana ndine, ndipo ndi ntchito imeneyo imene inandipezera abale m'dziko la eni. Koma nthawi iliyonse ndikamathira madzi pa thupi la mkazi wosamudziwa, ndinkaganiza za Abiti Juma, kuti mwina tsiku lomwelo manja a uje ali pa iwo.

Chaka chimodzi chija chinabala zinzake. Ndalama zinkapita ku sukulu ya Zainabu, zina ku malata a nyumba, ndipo chaka chilichonse pankapezeka chifukwa chabwino chowonjezera china. Lamlungu lililonse ndinkaimba pa foni ya mayi Roza, iwo n'kupatsira amayi. Moni wa Abiti Juma unali wonyoza. "Wanenepa iwe, mawu ako akumveka onenepa." Kapena, "Nsalu watumizayi ndi yovala kapena yosefera ufa?" Ndikamva zimenezo mtima unkakhala pansi, sabata yonse ndinkagwira ntchito ndikumwetulira.

Kenako zinthu zinasintha mwakachetechete. Ndikaimba, mayi Roza ankachulukitsa nkhani zawo, za mtengo wa matimati, za mvula ya ku Ngauma, n'kumaliza ndi kuti amayi agona kapena apita ku mzikiti. Ndikaumirira, amayi ankabwera pa foni ndi mawu ochepa, olemera ngati a munthu amene ali ndi chakudya m'kamwa. Ndinafunsa mayi Roza maso ndi maso a pa foni kuti kodi kwagwanji, iwo anati, "Palibe, amake Zainabu, ukalamba basi." Ndinafunsa Zainabu, nayenso anati agogo ali bwino. Koma Lamlungu lina, nditatumiza mafuta odzola ndi shuga, Abiti Juma anati, "Zikomo mwanangu, Mulungu akusunge." Mayi amenewo anali asanandithokozepo chibadwire changa.

Nditapempha zopita kwathu, abwana anandipatsa tchuthi cha milungu yochepa, ndipo anachita kundigulira okha tikiti ya basi yopita ndi kubwerera ku Maputo kuti atsimikize kuti ndibweranso. Ndinadzera njira yanga yakale ija, yotsika mtengo ndi yochedwa. Foni ikalira m'chikwama ndinkaopa kuiyankha. Ndinkapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndisapeze anthu pakhomo.

Msewu wochokera ku Cuamba ndinaupeza uli wa tara, ndipo ku Mandimba njinga zamoto zinali zitachuluka kuposa zopalasa. Zimenezo ndinaziona mochita kudutsa. Nditakhota pa mjigo ndinayang'ana pakhomo pathu. Panalibe khamu, panalibe mikeka yoyalira olira. Panali mayi Roza akuyanika nsalu, ndi munthu wamng'ono atatsamira khoma pakhonde. Ndinachita kuyandikira kuti ndizindikire kuti munthu wamng'onoyo ndi Abiti Juma. Mkono ndi mwendo wa kumanzere zinali zitafa, pakamwa patapotokera mbali imodzi.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndinanena ine," anatero movutikira. "Wanenepa."

Ndinagwada n'kulira pamiyendo pawo. Nditatonthola, mkwiyo unabwera, ndipo ndinautsanulira pa mayi Roza kuseri kwa nyumba. Ndinawakumbutsa pangano lathu. Iwo anandimvetsera mpaka ndinatopa, kenako anandiuza kuti matendawo anawagwetsa pamsika mvula yapitayo isanayambe. Atangoyamba kulankhulanso, chinthu choyamba chimene ananena chinali choti aliyense wondiuza asadzapondenso pakhomo pawo, chifukwa ndikabwera, Zainabu asiya sukulu chaka chake chomaliza.

"Ndiye tinagawana," anatero mayi Roza. "Azimayi a ku mzikiti amaphika mosinthana. Patuma amachapa. Zainabu amabwera pa tchuthi. Kusambitsa ndimasambitsa ine m'mawa ndisanapite kumsika, poti enawo amati amayiwa amawatukwana kwambiri. Ine ndinazolowera."

Mudzi wonse unandinamiza, ndi mwana wanga yemwe, ndipo bodzalo linali la anthu amene ankadzuka m'mamawa kudzanyamula katundu amene anali wanga. Ku Joni ndinkadziona ngati ndine ndikusenza pakhomo pathu chifukwa ndinkatumiza ndalama. Sindinkadziwa kuti kuti ine ndikhale kumeneko, panali anthu ondigwirira ntchito kuno osalipidwa. Ndinachita manyazi, ndipo ndinawakonda anthu amenewo kuposa kale.

M'mawa mwake ndinauza mayi Roza kuti apite kumsika. Ndinafunditsa madzi, ndinawanyamula amayi kupita nawo kubafa, ndinawakhazika pa mpando. Anali opepuka momvetsa chisoni. Manja anga anayamba okha monga anazolowera. Ndinawaphimba ndi kapulana kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo, ndinayambira mbali ya kumanja, ndinathira madzi pang'onopang'ono, maso kumbali, pakamwa chete.

Anandimenya pa mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Iwe Asiyatu, ndafa ine?"

"Ayi, amayi."

"Nanga bwanji ukundisambitsa ngati ndafa? Chotsa nsaluyi. Kwecha msana, pakuyabwa. Ndipo uzilankhula, undiuze ngati nyanja ya kumeneko ilidi ya mchere."

Ndinaseka ndi misozi yomwe. Ndinachotsa nsalu ija, ndinapaka sopo, ndinakwecha msana umene unandibereka ndili mwana, ndikuwauza za nyanja, za abwana, za azimayi amene ndinawasambitsa ku Durban, osatchula zimene ndinaona. Iwo anatseka maso. Nditayamba kuwapukuta, anafunsa kuti ndibwerera liti. Ndinawauza kuti tikiti ilipo kale, koma asade nkhawa, ulendo uno palibe adzandinamizenso, tsiku lija likadzayandikira ndidzafika pa nthawi yake monga ndinalonjezera.

Madzi ankadontha m'tsitsi lawo loyera.

"Za tsiku limenelo zisiye," anatero. "Ndinkangokuopseza kuti usapite. Tsiku limenelo sindidzadziwa kuti ndi manja a ndani, ngakhale adzakhale a uje. Ine ndikufuna mawa. Ndi mkuja."

Zainabu anali atatsala ndi miyezi yochepa kuti alembe mayeso, ndipo ndalama ya miyezi imeneyo inali ku Durban, osati ku Mandimba. Ndinaziganizira zonsezo ndikuwaveka. Masana ndinapita kwa Patuma kukafunsa ngati akudziwa mtsikana wodalirika wofuna ntchito ya m'nyumba ku Joni, woti akalowe m'malo mwanga, ndimuphunzitse njira yotsika mtengo. Kenako ndinadzera pamsika kukaona ngati benchi la mchere likadali lolimba. Mayi Roza anali atasunthira matimati awo mpaka pakati pake.

M'mawa wotsatira ndinafunditsanso madzi.