Che Jeremiya, Woluka Maukonde wa ku Lungwena

Ife a mpingo wa Angilikana kuno ku Lungwena tataya bambo wathu Jeremiya Mkwanda, amene tonse tinkangowatchula kuti Che Jeremiya.

Anabadwa cha m'ma 1915, bango likadali lowirira mpaka kudooko, mvuu zikudya msipu kuseri kwa tchalitchi. Bambo awo anawaphunzitsa kupota chingwe pantchafu ndi kuluka ukonde wa maso aakulu, olowa zala zinayi. Ankakonda kutiuza kuti masiku amenewo khoka limodzi linkadyetsa mudzi wonse, chambo chotsala n'kuninkha apaulendo. Anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo atakula ndiwo ankaliza belu la mapemphero a m'mawa asanakhudze ntchito iliyonse.

Maukonde a nayiloni atafika sanadandaule. Anaphunzira kuwasoka, moti asodzi ankachokera ku Makanjira kudzawafuna. Mayesero anadza mu 1976. Mnzawo wa paubwana, Che Uladi, Msilamu amene anali ndi makoka awiri, anabwera ndi nsalu ya timaso ting'onoting'ono kuti amusokerere m'kati mwa khoka.

"Anzanga onse atero, Che Jeremiya," anatero Che Uladi. "Ine ndekha ndizibwerako chimanjamanja?"

"Achimwene, chambo chimalerera ana m'kamwa," anayankha iwo. "Nsalu iyi ikokolola mayi ndi ana omwe. Manja awa anandipatsa ndi Mulungu. Pepani, sindisoka."

Che Uladi anachoka atakwiya, asodzi enanso anasiya kubwera, ntchito n'kutheratu. Ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, Che Jeremiya anatola khasu nayamba kulima chinangwa ndi mpunga. Nyanja itasefukira mu 1980 mpunga wonse unamira, ndipo iwo ndi akazi awo, mayi Maud, anatha miyezi akugonera chigwada. Sitinawamvepo akunena munthu. Lamulungu ankakhala pabenchi lakumbuyo, akuimba mokweza ngati kale.

Patapita zaka, Che Uladi anatulukira pakhomo atasenza khoka, nsalu ija ataimatula yekha.

"Dzulo ndakoka tiana tokhatokha, tosakwana ndi chala chomwe," anatero. "Ndachita manyazi."

Che Jeremiya sanakumbutse zakale. Anangoyala mphasa, awiriwo n'kuyamba kusoka. Asodzi ambiri sanasinthe, chambo nachonso sichinabwerere monga tinkachidziwira, koma Che Jeremiya ankati, "Ine Mulungu adzandifunsa za manja anga okha."

Maso atafooka ankasoka mongopapasa, mpaka zala nazo zinakana. Anatisiya mwamtendere Lachiwiri masana, pa 14 Malichi 1989, atalandira Mgonero Woyera, mayi Maud atawagwira dzanja.

Pa tsiku la maliro Che Uladi, ndi ukalamba wake womwewo, anayendera ndodo dooko lonse kulankhula ndi asodzi, Akhristu ndi Asilamu omwe. Tsiku limenelo palibe bwato ngakhale limodzi limene linalowa m'madzi.

Mzimu wawo uuse mumtendere, ndipo Ambuye atipatse ife otsala mtima wodziwa pokana.