Ndalama Imene Sindinaigule

Ndinataya mkazi wanga. Ndinataya mwana amene sindinamuone nkhope. Ndinataya chizolowezi choseka anthu akamasimba zodabwitsa. Zina zonse zilipo: nyumba, njinga, ntchito yanga ya uphunzitsi.

Zimene ndikulembazi ndi zoona, zinandichitikira ineyo zaka zinayi zapitazo, masana, ndisanalawe dontho la mowa. Sinditchula dzina la munthu, chifukwa ambiri mwa iwo alipo ndipo timakumana pamsika.

Ndinayamba kukonda ndalama zakale ndili ku koleji ku Chipata. Atanditumiza kukaphunzitsa ku Zemba, ndinapeza kuti m'midzi muno muli zinthu zimene eni ake amaziyesa zinyalala: mapeni obowoka pakati, matiki, masheleni, zimene makolo athu ankabwera nazo kuchokera ku Halale ndi kumigodi. Ndinkagula pang'onopang'ono n'kumagulitsa kwa bambo wina wa ku Lusaka amene ndinkamutumizira zithunzi pa foni. Phindu lake linali la sopo ndi mchere basi, moti mkazi wanga ankandiseka kuti m'Chadiza monse ndine ndekha mwamuna wogula ndalama ndi ndalama n'kusauka nazo.

Nyengo yotola thonje, mkazi wangayo ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndinamva kuti ku Zingalume kuli mayi wina woweta nkhumba amene bambo ake anamwalira n'kumusiyira chitini chodzaza ndalama zakale. Loweruka m'mawa ndinapalasa njinga, ulendo wa maola awiri. Ndinapeza mayi wamfupi, wa mawu aakulu, amene ndisanakhale n'komwe pansi anandifunsa ngati boma lasiya kulipira aphunzitsi kuti tiyambe kutola makobidi a anthu akufa. Anayala chitenje pakhonde n'kukhuthulirapo chitinicho.

Choyamba kugwa chinali mkanda wa ndalama zotungidwa pa waya wadzimbiri, wopotedwa kumapeto. Zina zinali ndi bowo la kufakitale, zina zinabowoledwa ndi msomali, ndipo kwa ife ogula ndalama yobowoledwa ndi msomali ndi yakufa, ilibe mtengo. Ndinaukankhira pambali. Koma pansi pa chitini panali kansanza komangidwa, ndipo nditamasula, abale anga, ndinaona zimene sindinkayembekezera. Ndalama zazikulu zasiliva zisanu ndi zitatu, zosabowola, zosaperepeseka, tsitsi la mfumu ya Angerezi likuonekabe limodzilimodzi ngati anazisula dzulo! Ndinaziyesa ndi maginito, sizinakakamire. Ndinagwetsa imodzi pamwala, inalira kulira kotalika kuja kumene siliva yekha amalira. Kodi munayamba mwafunapo kukuwa ndi chimwemwe koma n'kumayasamula dala kuti mwini katundu asadziwe? Ndi zimene ndinachita.

Ndinanamizira kukataya madzi, n'kupita kuseri kwa nkhokwe kumene foni inkagwira, ndi kutumiza zithunzi. Bambo wa ku Lusaka, amene ankatha masiku atatu osayankha, anayankha nthawi yomweyo kuti apereka makwacha zikwi zisanu ndi chimodzi. Ndinaona njinga yamoto itaima pabwalo panga. Ndinabwerera pakhonde nkhope ili gwa, n'kuwauza mayi aja kuti zinthu zotere zadzaza paliponse, koma poti ndabwera kale kuchokera kutali ndipereka mazana atatu.

Anaseka, n'kunena kuti nkhumba yawo yopunduka ingakane mtengo umenewo. Tinakokana mpaka mazana anayi. Kenaka anati avomera pokhapokha nditenge ndi mkanda womwe, chifukwa sakuufuna m'nyumba mwawo, ndipo ndiziwerenge ndalama zake iwo akuona. Ndinawerenga 37. Anati aphunzitsi, bwerezani, ana athu mumawalepheretsa masamu inu nomwe. Ndinabwereza, 37, ndipo ndinalemba m'kope langa. Sindinafunse chifukwa chake. Mtima wanga unali pa siliva.

Pobwerera ndinkaimba nyimbo panjinga, ine munthu wosaimba ngakhale m'tchalitchi. Kunyumba ndinamuyalira mkazi wanga ndalamazo pathebulo, n'kumuliritsira imodziimodzi, n'kumuuza kuti tsiku lake likafika sadzapita kuchipatala pakaliyala ya njinga yopalasa, koma pa njinga yamoto imene ndigule. Anasangalala nane, anagwiragwira nkhope ya mfumu ija n'kunena kuti ili ndi mphuno ngati ya amalume anga. Kenaka anafunsa kuti ndalipira zingati. Nditanena, anafunsanso ngati mayi aja akudziwa mtengo wa ku Lusaka. Ndinamuuza kuti kudziwa zinthu kumagulidwa, ine ndinalipira koleji zaka zitatu. Anandiyang'ana, n'kunena kuti sankadziwa kuti ku koleji amaphunzitsanso zimenezo, ndipo mwana wake sadzakwera njinga yotero. Sabata yonse sitinaikhudzenso nkhaniyo. Chitini ndinachitsekera m'sutikesi, kiyi n'kumanga pamodzi ndi makiyi a kusukulu amene sachoka pa lamba wanga.

Loweruka lotsatira m'mawa ndinatulutsa chitini kuti ndimange phukusi la ku Lusaka. Sindikudziwa chimene chinandichititsa kuwerenganso mkanda uja, mwina chizolowezi cha uphunzitsi. Ndinapeza 38. Ndinaseka ndekha, n'kubwereza, 38. Ndinaitana mkazi wanga osamuuza kanthu, nayenso anapeza 38. Ndipo yowonjezerekayo sinali yobisika ayi: inali kumapeto, pafupi ndi popotedwa waya, ndalama ya masiku ano ya 50 ngwee, yonyezimira pakati pa zakudazo. Bowo lake linali la msomali, latsopano, lakuthwa moti linandicheka chala. Ndinayang'ana waya ndi galasi lokulitsira: dzimbiri linali lomwe lija, losasweka pena paliponse. Kodi ndalama imalowa bwanji pa waya wosamasula, m'sutikesi yokiya?

Mkazi wanga sanakuwe, anangokhala pansi. Kuyambira m'mawa ankadandaula mutu, ndipo mapazi anali otupa, koma anati n'zamimba chabe. Anaumirira kuti ndibweze zonse tsiku lomwelo ndi kukanena zoona. Ulendo uno sindinatsutse.

Mayi aja ndinawapeza m'munda akutola thonje. Ndinayamba ndi mtengo, chifukwa ndi umene unali wosavuta kunena. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno, n'kunditcha wakuba wovala taye, n'kunena kuti anadziwa kalekale, chifukwa palibe munthu amapita kukataya madzi atanyamula foni m'mwamba ngati akuthyola mango. Anati tigawane pakati, nkhani ithe, ndipo ndiwagulire fanta wa manyazi. Ndinamva kupepuka, ndinatsala pang'ono kuseka nawo. Kenaka ndinatulutsa mkanda n'kuwaonetsa ndalama yatsopano ija.

Kuseka kunatheratu. Anaika thumba la thonje pansi, n'kundiuza motsitsa mawu kuti bambo awo anali mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda, ndipo ndalama iliyonse pa waya ndi munthu amene anamukumbira. Ndinati zimenezo ndamva, koma munthu wakufa satunga ndalama. Anati aphunzitsi, simunamve. Bambo awo sankatunga maliro atachitika. Ankatunga m'mawa, uthenga usanafike, moti anthu a m'mudzi akamva nyundo ikugogoda msomali kuseri kwa nyumba yawo ankayamba kunola makasu.

Anandifunsa kuti kwathu akudwala ndani. Ndinati palibe, mkazi wanga ali ndi pakati basi, ndipo mutu ukumuwawa pang'ono. Sanadikire kuti ndimalize. Anandikankha pachifuwa ndi manja onse awiri akukuwa kuti mwaima chiyani pano, kwerani njinga, kwerani!

Sindikumbukira njira. Ndikukumbukira kuti pachitunda china foni inayamba kulira ndi mauthenga a anthu amene anandiimbira osandipeza, ndipo sindinaime kuti ndiwerenge. Kunyumba chitseko chinali pululu, pabwalo pali mikwasa ya mateyala a ngolo. Ndinaitsatira. Ngolo yopita kuchipatala mumaidziwa, ng'ombe zimathamangitsidwa ndi mkwapulo. Imene ndinakumana nayo inkayenda pang'onopang'ono, ikubwerera, amayi anayi akuitsata pambuyo mitu ili pansi.

Amayiwo anandiuza kuti mkazi wanga anamupeza atagwa kuseri kwa nyumba, ndipo palibe akudziwa kuti anagona pamenepo nthawi yaitali bwanji. Anamwino anandifotokozera pambuyo pake kuti ndi kuthamanga kwa magazi kumene kumagwira amayi apakati, ndipo mutu ndi mapazi otupa ndizo zizindikiro zake. Ndinawamva bwino. Ndine munthu wophunzira.

Siliva yense ndinawasiyira mayi aja, pamodzi ndi nambala ya bambo wa ku Lusaka. Mkanda anautenga adzukulu a kwawo n'kukaukwirira kumene akudziwa okha. Kuyambira pamenepo sindinagulenso ndalama yakale ngakhale imodzi.

Mukandifunsa lero kuti anatunga ndalama ija ndani, ndilibe yankho, ndipo ndinasiya kulifuna. Sindikhulupirira kuti inamupha. Mwina inkangonena, monga mmene inkanenera kale. Chimene ndikudziwa mosakayika ndi ichi: ndikanatchula mtengo woona tsiku loyamba lija, sipakanakhala ulendo wachiwiri, ndipo tsiku lija ndikanakhala pakhomo, njinga ili pakhonde, msewu wa magalimoto uli pafupi.

Choncho inu amene mumayenda m'midzi kugula zakale, funsani kaye kuti chinthucho chinali cha ndani ndipo ankachisungira chiyani, ndipo mtengo umene mukuudziwa muutchule pomwepo, mwini wake akumva. Ndipo mkazi wapakati akakuuzani kuti mutu ukumuwawa, musamusiye yekha, ngakhale atakuthamangitsani yekha monga anandithamangitsira wanga. Anandiperekeza mpaka pampanda, n'kundimangira chitini pakaliyala ndi manja ake, ndipo nditati mwina ndipite mawa, anamwetulira n'kunena kuti: “Pitani mukawauze mtengo weniweni, bambo a mwana. Ndi mimba imeneyi ndingathawire kuti? Mundipeza pompano.”