Wailesi ya Bambo pa Golosale

Dzulo ndinamaliza kubweza ngongole ya banki m'khonde. Ndikubwerera kunyumba chimanjamanja, ndinangokumbukira wailesi ya malemu bambo anga.

Anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, yofiira, ya chogwirira chachikopa. Tsiku lina anaikulunga m'chitenje cha amayi, ulendo wa kwa a Ngozo, eni golosale pa Tsangano.

"Ikupita kuti, ababa?" ndinafunsa.

"Ikukacheza, mwana wanga. Ibweranso."

Ine ndinakhulupirira. Ndikaweruka kusukulu ndinkaima pakhomo pa golosaleyo, pomwe pankanunkhira sopo ndi palafini, n'kumanyadira kwa anzanga kuti, "Ikuimbayo ndi yathu!" Ndinkangodabwa kuti bambo ankadutsira tsidya lina la msewu, koma akuyenda pang'onopang'ono, khutu lili komweko.

Chaka chimenecho tiyi tinkamwa wopanda shuga. Mbatatesi zikuluzikulu zinkapita m'matumba kwa a Ngozo, ife n'kumadya tating'onoting'ono tovuta kusenda.

Thumba lomaliza litapita, bambo anabwera akuimba mluzu, wailesi ili kukhwapa. Anaipukuta bwinobwino n'kuiika pawindo, tonse titakhala pamphasa kudikira. Anaitsegula, koma kunali zii. A Ngozo anali atachotsamo mabatire awo, ndipo m'nyumba munalibe ndi tambala yomwe.

Bambo anaseka, n'kuyambitsa okha nyimbo, akuwomba pabondo. Amayi anapolokezera.

Lero ndikudziwa kuti wailesiyo inali chikole cha ngongole ya feteleza. Mabatire ndikhoza kugula mwezi ukatha, koma mawu amene ndikulakalaka kumva sadzatulukanso m'wailesi iliyonse.