Nthano za Azakhali Zinasokonezeka Masamba ku Limbe

Ndinaphunzitsa ana a anthu othyola tiyi kwa zaka zambiri pa sukulu ya pa esiteti, ndipo nditatsala pang'ono kupuma ntchito ndinayamba kulemba nthano. Za kutchuka sizinali m'mutu mwanga. Chinkandiwawa n'choti ana a m'kalasi mwanga ankadziwa mafilimu onse a pa foni, koma ukawafunsa nthano ya kwathu ankangoyang'anana.

Nthanozo ndinazimva kwa azakhali anga, alongo awo a bambo. Iwo ankathyola tiyi, ndipo ndili mwana ndinkawatsatira kumunda masiku opanda sukulu. Mvula ikabwera yamphamvu, anthu ankathamangira mu shedi yoyezeramo masamba, madengu ali kumsana, ndipo azakhali ankayamba kusimba kuti anthu aiwale kuzizira. Ankasakaniza Chilomwe ndi Chinyanja. Ine ndinazilemba m'Chichewa cha kusukulu, pa kompyuta yakale ya mu ofesi ya ahedi, ndikaweruka. Kumayambiriro ndinaikako mawu akuti izi ndi nthano za makolo athu Alomwe, zimene anabwera nazo kuchokera ku Mozambique.

Osindikiza mabuku a mu tauni amene ndinawalembera sanandiyankhe. Ndiye mnzanga wina woyendetsa minibasi ya ku Limbe anandiuza kuti achimwene ake ali ndi kashopu kosindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro.

"Buku ndi mapepala basi, aphunzitsi," anatero. "Akupangirani."

Kashopuko kanali kuseri kwa sitolo za zitsulo. Eni ake anali bambo aafupi, ovala kofiya yoyera, olankhula mofatsa. Anandilandira bwino, anatenga fulashi yanga, ndipo pachikuto anaikapo chithunzi cha munda wa tiyi chimene anali nacho kale m'kompyuta. Mabuku anabwera m'makatoni, pansi pa mpando wakumbuyo wa minibasi ija, akununkha guluu. Ndinagulitsa kutchalitchi, kwa aphunzitsi anzanga, ndipo Loweruka ndinkakayala pa chitenje ku Bvumbwe, pafupi ndi amayi a tomato ndi kabichi. Ankandiseka kuti katundu wanga sawola. Bukulo sindinaliwerenge lonse litasindikizidwa. Ndinkati ndiwerengerenji zinthu zolemba ndekha.

Amene anaona vuto ndi mayi a kunyumba. Linali Lamlungu masana, atakhala pakhonde ndi bukulo.

"Bambo, kodi mtsikana uyu walowa bwanji m'dzungu?"

"Mtsikana wake uti?"

"Wokwatiwa ndi fisiyu."

M'bukumo munali nthano ziwiri zoyandikana. Yoyamba inali ya mtsikana wokana amuna onse a m'mudzi, amene anakwatiwa ndi mlendo wokongola osadziwa kuti ndi fisi. Atazindikira, anathawa, n'kufika pa mtsinje wodzaza. Mmene ndinalembera ine, chule wamkulu anamumeza, n'kumuwolotsa, n'kukamulavula kwawo. Yachiwiri inali ya mwana wamasiye wothawa mayi omupeza, amene anabisala m'dzungu lalikulu, dzungulo n'kukokoloka ndi madzi mpaka dziko lina, kumene anthu analing'amba n'kumulera mwanayo.

Ndinalanda bukulo m'manja mwawo. Mtsikana anafikadi pa mtsinje, fisi ali m'mbuyo. Nditatembenuza tsamba ndinapeza mawu akuti, "Ndipo iye analowa m'dzungu muja, n'kudzitsekera." Mathero a nthano ziwirizi anali atasinthana. Mtsikana anapita ndi madzi ku dziko lina osabwereranso, ndipo mwana wamasiye ndi amene anamezedwa ndi chule. Popeza anthu a m'nthano zanga sindinawapatse mayina, ndinkangoti "iye", nkhaniyo inkayenda ngati kuti palibe chalakwika. Ndinatsegula buku lina, kenako lina. Onse anali chimodzimodzi.

M'mawa mwake ndinapempha ahedi kuti ndichoke, ndipo ndinakwera minibasi. Bambo a kashopu aja anatsegula fulashi, tinaona kuti momwemo zonse zili m'malo mwake. Masamba anasokonezeka posanja.

"Pepani kwambiri, aphunzitsi. Otsalawo bweretsani, ndimasula ndikonze. Koma ogulidwa kale aja, kaya."

Lamlungu lotsatira ndinapempha mpata kutchalitchi nthawi ya zolengeza. Ndinati aliyense amene anagula buku langa alibweze kuti likakonzedwe, chifukwa muli cholakwika. Anthu anaseka pang'ono, ine n'kukhala pansi. Titatuluka, mkulu wa mpingo wina anandigwira dzanja osalisiya. Anali bambo ochokera ku Nsabwe, amene anagwira ntchito m'fakitale ya tiyi mpaka makutu anayamba kuwavuta ndi phokoso la makina, choncho ankalankhula mokweza.

"Aphunzitsi, cholakwika chake n'chiti?"

Ndinawafotokozera za dzungu.

"Ayi, ayi. Pamenepo musagwirepo. Amayi anga ankaisimba choncho kumene. Mtsikanayo sabwerera kwawo. Abwerera bwanji, fisi akudziwa khomo? Ndinawerengera adzukulu anga, ndinati koma aphunzitsiwa anafufuza."

"Koma bambo, amene amamuwolotsa ndi chule."

"Chule?" Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Za chulezo munazimva kwa ndani?"

Ndinabwerera kunyumba mutu uli zwee. Kodi masamba osanjidwa molakwika ku Limbe angagwirizane bwanji ndi zimene mayi wina, yemwe anamwalira kalekale, ankasimbira ana ake ku Nsabwe? Mayi a kunyumba anati mwina mkuluyo akungofuna kundisangalatsa. Koma sanali munthu wotero. Pa misonkhano ya mpingo ankadzudzula ngakhale abusa. Ndipo pa anthu onse amene anagula, amene anabweza buku anali ochepa kwambiri. Ena ankati ana alikonda, ena analibwereketsa kwa abale.

Ndinaganiza zokafunsa eni ake. Azakhali anali atasiya kale ntchito ya pa esiteti, akukhala ku Kapichi kwa mwana wawo wamkazi. Maso anali atafooka, koma mutu unali bwinobwino. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa peyala akusenda nandolo m'lichero. Titapatsana moni ndi kufunsana za odwala onse, ndinatulutsa bukulo, ndinawagwiritsa. Analisisita, n'kulinunkhiza.

"Ndiye nthano zanga zija zili umu?"

"Zili momwemo, azakhali. Koma imodzi yandisokoneza."

Ndinawawerengera nthano ya fisi mpaka pa mtsinje. Ankagwedeza mutu, nthawi zina n'kundikonza kuti mlendoyo anali ndi mano oyera, osati nsapato zonyezimira. Kenako ndinasimba za chule.

"Chule ameneyo wachokera kuti, mwanawe?"

"Si munkatero inu?"

"Ine? Ndinanenapo za chule ine?"

"Nanga ndi dzungu?"

"Dzungu ndi la mwana wamasiye. Usandisokoneze."

"Ndiye mtsikanayo anawoloka bwanji?"

Anasiya kusenda, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Kaya! Ine sindinafikepo kumeneko. Mvula inkakata tili pa mtsinje pomwepo, akapitawo n'kuimba wezulo kuti tibwerere m'mizere. Tsiku lina ndikayambiranso, anthu ankafuna ndiyambe poyambirira chifukwa ena kunalibe. Komanso amene anandiuza ine sanaimalize."

Ndinafunsa kuti anawauza ndani. Ndinkayembekezera kuti atchula agogo kapena munthu wina wa kumudzi. Iwo anati ndi mayi wina amene ankalera ana ku nyumba ya mzungu, bwana wa esiteti, ndipo ankaisimba pochapa kumtsinje.

"Anali Mlomwe?"

"Sindinamufunse. Kaya anaitenga kwawo, kaya anaimva kwa ana a azungu aja. Unkafuna ndimufunse chiphaso?"

Chule uja ndinkamuona bwinobwino m'maganizo mwanga, wamkulu ngati mtondo, khungu lonyowa, ndipo ndinkamva mawu a azakhali akumutchula, mvula ikusokosa pa malata a shedi. Ndinali wokonzeka kulumbira. Koma iwo anakanitsitsa, ndipo mwana wawo, amenenso ankakhala nawo mu shedi muja tili ana, anati iye amakumbuka kuti mtsikanayo anakwera mtengo. Mpaka lero sindidziwa ngati chuleyo ndinamupeka ndekha ndili mwana poyenda kubwerera kunyumba, kapena ndinamuwerenga penapake n'kuiwala.

"Ndiye ndilembe ziti, azakhali?" ndinafunsa potsanzika.

"Iwe si ndiwe mphunzitsi? Muwolotse mwana wa eni, wakhalitsa pa mtsinje."

Anandipatsa nandolo m'kajumbo, ndinanyamuka.

Mabuku otsala aja ndinawapititsabe ku Limbe, chifukwa ndinali nditalonjeza kale, ndipo bambo aja anawakonza osandilipiritsa. Choncho m'dera lathu munayamba kuyenda mabuku awiri a chikuto chimodzi, lina la dzungu, lina la chule. Mawu a kumayambiriro aja, onena za makolo ndi Mozambique, ndinafuna kuwachotsa, koma mkulu wa mpingo uja atamva anabwera kunyumba kudzandiletsa, akuti kodi ndikuchita manyazi ndi mtundu wanga. Ndinawasiya, ngakhale sindinkadziwanso ngati ndi oona.

Patapita miyezi, foni inalira ndili m'munda mwanga kupalira chimanga. Anali mayi wina wophunzitsa pa sukulu ina cha ku Bvumbwe, amene sindinkamudziwa. Anati ankagwiritsa ntchito buku langa pa phunziro la Chichewa, ndipo pa mayeso a pakati pa teremu anafunsa kuti mtsikana anawoloka bwanji mtsinje. Ana ena alemba dzungu, ena chule, ndipo onse abweretsa mabuku ngati umboni. Makolo awiri afika kale ku ofesi.

"Ndiye ndati ndifunse alembi eni ake. Yankho lolondola ndi liti, bambo?"

Ndinatsamira mpini wa khasu. Ndinati awachonge onse.

"Sizingatheke. Yankho limakhala limodzi, inunso mukudziwa."

Ndinayamba kuwafotokozera za masamba, za mkulu wa ku Nsabwe, za azakhali ndi wezulo ya akapitawo. Anamvetsera pang'ono, kenako anandidula mwaulemu kuti mayunitsi akuwathera. Anati poti ana ambiri ali ndi buku la dzungu, iwo achonga dzungu, ndipo a chule awapatsa theka la malikisi. Anandifunsa ngati ndikuvomereza.

Ndinati ndikuvomereza. Anathokoza, n'kufunsa ngati ndili ndi mabuku ena otsala, chifukwa sukulu yoyandikana nayo ikufunanso. Ndinati alipo.

"A dzungu kapena a chule?"

"A chule okhaokha, mayi."

"Aa, ndiye ndiyambe ndawafunsa kaye," anatero, n'kudula foni.