Kadontho ka Mawa

M'mawa uliwonse, belu lisanalire, mayi wophunzitsa bayoloje ankatsekula labu, kuvula nsapato, n'kukwera pasikelo. Akatsika ankatenga pensulo n'kuika kadontho kamodzi papepala la timabokosi limene analimata pakhoma. Kenako ankakazunguliza ndi kamzere kopendekera, poti iwo anali amanzere. Ana asukulu ankawatchula kuti Madamu Kadontho.

Anali munthu wosalankhulalankhula. Ankakhala ndi mng'ono wawo m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa bwalo la mpira. Amuna awo anamwalirira m'chipatala atagonekedwa nthawi yaitali, ndipo kuyambira pamenepo madamu sankadutsanso msewu wa kuchipatala. Ankalolera kuzungulira kumsika.

Za sikelozi zinayamba ndi phunziro la kakulidwe ka zamoyo. Ana anadzala nyemba m'zitini pazenera, namaziyeza ndi rula, n'kumajambula galafu: masiku m'munsi, kutalika m'mbali. Madamu anafuna kuti ayerekeze ndi munthu, koma atsikana anakana kukwera sikelo pamaso pa anyamata.

"Chabwino, ndizikwera ine," anatero. "Munthu wamkulu sakulanso. Mzere wanga ugona chogona, wa nyemba ukwera."

Wa nyemba unakweradi, kupatula wa chitini china chimene nyemba yake inauma. Mwana wina atafunsa chifukwa chake mzerewo wathera panjira, madamu anayankha kuti, "Mzere ukaduka ndiye kuti woyeza wasiya kuyeza, kapena choyezedwacho palibenso."

Mzere wawo sunagone. Unayamba kutsetsereka pang'onopang'ono. Siketi anaibweza m'chiuno kawiri. Koma lamulo lawo linali loti kadontho sikabisidwa ngakhale kakunyanse, choncho ankangolemba.

Tsiku lina mnyamata wamtali wokhala kumbuyo, amene anzake ankamutcha Mlongoti, anakweza dzanja.

"Madamu, paja munati mzere ukawongoka tikhoza kuupitiriza ndi rula n'kudziwa zakutsogolo? Wanuwo tiupitirize?"

Ana anaseka, kenako kuseka kunazima kokha.

"Iwe Mlongoti, nyemba yako wathirira?"

"Ayi, madamu."

"Ndiye yamba wadandaula za imeneyo."

M'mawa mwake madamu atatsekula labu anapeza timadontho tatsopano pagalafu yawo. Tinayambira pa tsikulo n'kutsetsereka kulowera masiku amene anali asanafike, ndipo tinathera pakati pa pepala, timabokosi tambiri tikadali topanda kanthu. Kalikonse kanali kozungulizidwa ndi kamzere kopendekera, ka dzanja lamanzere.

Anavula nsapato, nakwera pasikelo. Muvi unaima ndendende pamene kadontho ka tsikulo kanali.

Anapita kwa mlonda, amene anali kupinda chikhothi chake pageti.

"Bambo, m'labumu munalowa munthu?"

"Kiyi ndi yanu yomweyo, madamu. Ine changa n'kunja kuno." Anaseka. "Kapena afunseni amalume anu aja."

Amalumewo anali mafupa a munthu apulasitiki amene ankaima pakona ya labu, chibwano chomangidwa ndi waya. Madamu sanaseke.

M'kalasi anafunsa amene wachita zimenezi. Mlongoti anayala manja ake onse awiri padesiki.

"Ine ayi, madamu. Ndinangofunsa chabe." Mawu ake anali opanda nthabwala.

Anafufuta timadontho tonse ndi labala mpaka pepala linayamba kunyotsoka. Kutacha anatipezanso, pamalo omwe aja.

Ndiye anayamba kulimbana nato. Kunyumba ankadya mokakamiza, mazira, buledi, mpunga, mpaka mseru. Tsiku lina anamwa madzi botolo lathunthu, n'kukwera pasikelo nsapato zili kuphazi. Iwo amene ankadula malikisi mwana akasuntha kadontho! Muvi unanjenjemera, unabwerera, n'kukaima pa kadontho komwe kaja.

"Achemwali, kolala ya bulauziyo ikukulendewerani," anatero mng'ono wawo akutsuka mbale. "Usiku mumatuluka thukuta ngati mwathamanga. Mukufuna mpaka ndikunyamuleni pawilibala?"

"Ndi ntchito chabe, iwe. Temu ikatha ndinenepa."

Masiku ankadutsa, ndipo m'mawa uliwonse sikelo inkavomereza zimene zinalembedwa kale. Madamu sankagwiranso pensulo. Ankangoyang'ana, n'kuvala nsapato. Ana analeka kuyandikira khoma limenelo. Ngakhale othirira nyemba ankadutsa atayang'ana kumbali.

Kenako linafika tsiku la kadontho komaliza. Kutsogolo kwake kunali timabokosi toyera mbee.

Anaphunzitsa tsikulo ngati masiku onse, choko chili kumanzere, mawu ali pansipansi. Ana atatuluka, kamtsikana kena kamene sikankayankha kalikonse m'kalasi kanatsalira pakhomo.

"Madamu," kanatero koyang'ana pansi, "woyeza uja wangosiya kuyeza, eti?"

Madamu anatembenukira kugalafu ija. Kamtsikanako kanadikira pang'ono, n'kumapita.

Anatsala okha. Dzuwa linkalowera pazenera n'kugwetsa mthunzi wa amalume pakhoma, nthiti zawo zitadutsa pagalafu. Madamu anayang'ana chitini cha nyemba youma chija, chimene palibe anachitaya. Kenako anamatula pepalalo mosamala, kona ndi kona, nalipinda, n'kulilowetsa m'chikwama pamodzi ndi pensulo.

Kunyumba analiyala patebulo pamaso pa mng'ono wawo, namufotokozera zonse. Iye analiyang'ana nthawi yaitali.

"Za amene analemba sindikudziwa," anatero. "Koma zimene likunena ndakhala ndikukuuzani ine, wopanda rula."

M'mawa mwake madamu sanatsekule labu. Anavala siketi yobweza ija, mng'ono wawo atawagwira pamkono, n'kulowa msewu umene anakhala akuuzemba zaka zonsezi. Kuchipatala anakhala pabenchi mpaka namwino anawaitana.

"Vulani nsapato, mayi, mukwere apa."

Anakwera. Namwino anatchula nambala. Madamu anatulutsa pepala lija, naliyala pabondo. Kabokosi ka tsikulo kanali kakadali koyera. Anaikapo kadontho iwo eni, n'kukazunguliza.