Seva Yofunda Chitenje

Ku Chilenje palibe amene sawadziwa ba Mwango Chalwe, mayi wa chikwama chakuda amene amakwera minibasi atanyamula masikuludiraiva pamodzi ndi mabanzi. Anayamba ntchito ngati wotayipa makalata. Makina otayipira atatha fasho anzawo anagwira njakata, koma iwo anakaphunzira makompyuta ali kale ndi mwana kumsana. Akatswiri anzawo amawaseka kuti amakonza kompyuta ndi tiyi, chifukwa akafika pa ofesi sathamangira makina. Amayamba apereka moni kwa mlonda ndi wosesa, mpaka kapu ifike m'manja. Kuseka amaseka, koma zikavuta foni amaimbira iwo omwewo.

Lachisanu lina anaitanidwa pa sukulu ina ku Chelstone. Seva ya pamenepo, kompyuta yaikulu yosunga mayina ndi magiredi a ana onse, inali itatha miyezi itatu osalandira maapudeti, tizigamba timene opanga pulogalamu amatumiza pa intaneti potseka mipata yolowera akuba. Akatswiri awiri anali atabwera kale n'kukankha maapudetiwo ndi manja, koma akangochoka seva inkabwerera ku ulesi wake. Ahedi, ba Ignatius, anali atatopa nazo. Anati likapanda kupezeka vuto tsiku limenelo, ba Mwango abwere Loweruka, afufute zonse n'kuyambiranso, ntchito ya tsiku lathunthu.

Kwa ba Mwango tsikulo linali lovuta. Loweruka limenelo kunali kicheni pate ya Pearl, mwana wawo mmodzi yekhayo, phwando la mphatso ndi malangizo kwa mkwatibwi ukwati usanachitike, ndipo azimayi a ng'oma anali atauzidwa kale.

Anayang'ana intaneti, inali bwino. Malo pa disiki analipo ambiri. Kenako anatsegula kaundula amene seva imalembamo zochita zake, ndipo anapeza zodabwitsa: tsiku lililonse imalemba mpaka faifi koloko madzulo, basi zii, n'kudzayambanso seveni m'mawa. Chonsecho maapudeti anawatchera hafu faifi, anthu ataweruka. Magetsi sakanawanamizira, pakuti sukuluyo ili ndi sola.

Ali mkati moganiza, tiyi anafika ndi ba Vivian, mayi wosamalira maofesi, amene pansi amapukuta mpaka munthu kudziona nkhope. Pa mpando wa pambali pa seva panali chitenje cha nkhanga chopindidwa bwino. Ba Mwango anachiyang'ana, namwako tiyi, n'kufunsa mwaulemu zimene ba Vivian amachita akamatseka.

"Nimazimya vonse pa khoma, ba Mwango, na kabokosi ka batili," anayankha monyadira. "Olo TV yanga ku nyumba siigona na malaiti. Elo na fumbi ya muno, ningaisiye bwanji seva so chabe? Nimaifundika."

Ba Mwango anaseka mpaka misozi, kuseka kwa munthu amene watula mtolo. Ba Vivian atamva kuti ndiwo amagoneka seva isanadye maapudeti ake, anagwira pakamwa poopa ntchito yawo. Koma ba Mwango anawauza kuti pa zaka zonsezi sanaonepo seva yoyera m'kati ngati iyi, ndipo sizinali zongowasangalatsa. Anangowapempha kuti iyi yokha aziisiya ili maso, ndiponso yosafunda, chifukwa imamva kutentha. Pa switchi anamatapo kapepala. Kwa ahedi anangonena kuti makinawo amazimitsidwa msanga, za dzina la munthu sanatchule.

Faifi itakwana, awiriwo anakhala pamodzi kudikira. Dzanja la ba Vivian linkayabwa kufuna kuzimitsa, moti analikhalira. Hafu faifi, kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda kokha pa sikirini kusonyeza kuti maapudeti akulowa, ndipo ba Ignatius anauza ba Mwango kuti Loweruka asabwere.

M'mawa mwake ng'oma zinalira ku Chilenje. Pakati pa mphatso za mapoto ndi mbale, kunatulukira ba Vivian atanyamula ketulo yatsopano, yokulungidwa m'chitenje cha nkhanga chija. Anati ketuloyo ndi ya Pearl, koma chitenjecho, poti chatha ntchito ku ofesi, ndi cha mayi wake.

Ba Mwango anachimanga m'chiuno pomwepo, nalowa m'bwalo. Pearl, amene anakhala chowerama monga mwa mwambo, analephera kupirira, anadzutsa mutu kuti aone amayi ake akuvina.