Tsiku limene mlongo wanga anafa pa bedi la padiri

"Alamu, mkazi wanga mukumugoneka maliro ali moyo! Mukufuna kumulaula?"

Anandikalipira choncho mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, kuseri kwa nyumba yosungira thonje, anthu atayamba kale kulowa. Ndinamuyankha kuti ndi sewero, akakhale pansi.

Sewerolo linali la padiri wathu, wansembe Mtaliyana wa pamishoni pafupi ndi Mitande, pomwe ndinkaphunzitsa. Ankalitcha opera, nkhani yonse yoimba: mkazi akonda mwamuna, abale a mwamunayo amukana, iye adwala chifuwa nafa. Zing'wenyeng'wenye zinkachokera m'galamafoni, wopukusa ndinali ine. Mawu a mkaziyo ankaimba yekha mlongo wanga, m'Chitaliyana chimene analoweza akusinja chimanga dzinja lonse. Sankamva liwu n'limodzi lomwe, koma akaimba padiri ankapukuta maso.

Masana amenewo kunabwera azungu a njanji ochokera ku Cuamba pa lole, amwenye a masitolo a ku Mandimba, ndi mudzi wathu wonse, Asilamu ndi Akhristu omwe. Zonse zinayenda bwino mpaka pa imfa. Mlongo wanga anagona pa bedi la padiri, atadzola ufa wa chinangwa kumaso, akuimba motsitsa. M'nyumbamo munali zii.

Mlamu uja anakwera pa matabwa ochitirapo sewero, nakoka mkazi wake mwendo mpaka kugwa pansi, nkumumenya khofi. Ufa unachita kufuka. Azungu anaseka, ena kuomba m'manja poyesa kuti ndi mbali ya sewero. Kusekako ndimakumvabe.

Ndinadzuka ndi chopukusira galamafoni m'manja, chachitsulo. Padiri anandigwira mkono. "Mwana wanga, khululuka," anatero. Sindinakhululuke, ndipo mpaka lero sindinatero. Ndinangokumbukira kuti pali chopweteka kuposa chitsulo.

Mlamu wangayo anali mkamwini. Anachokera ku Itepela ndi khasu ndi mphasa basi. Nyumba inali pamalo pathu, munda wathu, ana athu. Mwini mbumba ndinali ine.

Madzulo ndinapeza mlongo wanga kwa amayi, tsaya litatupa.

"Ukumufunabe?"

"Achimwene, nyimbo ija sindinaimalize," anatero. "Panatsala pang'ono."

"Ndafunsa za mwamuna."

"Ndamva. Khasu lake lili kuseri kwa nkhokwe."

M'mawa ndinaitana ankhoswe a mlamuyo kuti adzaone ndi maso. Ndinatulutsa khasu, mphasa ndi jekete lake lakutha, ndikuziika pamphambano ya njira ya ku Itepela. Mlamuyo anayamba ndi kulalata, kenaka kupepesa, akunditchula alamu, alamu. Ndinamuuza kuti anyamule. Kenaka ndinakabwereka galamafoni ndikuiika pakhonde, ndipo mlongo wanga anayambira kuimba pomwe anamudula, mwamunayo asanakhote pa mtengo wa mango.